Wosema Miyendo wa ku Battambang

Ndinalowa muno ndi tsache m'manja,
ndili ndi zaka khumi, zisanu ndi ziwiri,
ntchito yanga kusesa fumbi la pulasitala
logwa pansi pa tebulo la bambo Vuthy.
Linkandilowa m'mphuno, m'tsitsi,
ngakhale mu mpunga wanga wa masana.

Bambo Vuthy sankachulutsa mawu.
Ankagwira chitsa cha mwendo wa munthu
ngati mayi akusambitsa khanda,
chala chikufufuza pamene fupa latundumuka,
pamene khungu lapyapyala,
kenako n'kulemba ndi pensulo yabuluu.
Ine tsache lili chiimire, maso ali pa pensuloyo.
Tsiku lina anacheuka:
"Chanthou, maso ako akugwira ntchito kuposa manja.
Bwera, ugwire apa."

Ndinagwira, zala zikunjenjemera.

Zaka zitatu za sukulu ya usiku,
njinga yopanda nyali m'mbali mwa mtsinje wa Sangker,
mabuku atafufuma ndi mvula,
mayina a mafupa ndi mitsempha
amene lilime langa linkapunthwa nawo.
Mayeso oyamba ndinagwa.
Ndinakalirira kuseri kwa uvuni wofewetsera pulasitiki,
pofunda, kuti misozi iume msanga.
Achiwiri ndinakhoza, mopulumukira mkamwa mwa mbuzi,
koma kukhoza ndi kukhoza basi.

Mwendo wanga woyamba unali wa mlimi, Samnang,
amene khasu lake linadzutsa bomba
logona m'munda chithereni nkhondo.
Ndinausema milungu iwiri, mtima uli m'mwamba.
Atauvala anaponda kanayi, n'kukhala pansi.
"Mwanawe, ukuluma."
Ndinapala, ndinayeza, ndinapalanso.
Kanayi konse anabwera pa basi ya m'mamawa,
kachisanu zii.
Ndinati basi, wandithawa.
Mpaka nyengo yokolola, uyo pakhomo,
thumba la malalanje lili paphewa,
mwendo wanga uja uli matope okhaokha mpaka m'bondo.
Sindinaonepo matope okongola chonchija.

Masatifiketi alipo atatu pakhoma,
imodzi chiswe chinalawako pangodya.
Anandiitana ku Phnom Penh, ku ofesi yozizira,
ndipo ndinapita, ndisaname,
ndalama zake zinali zokoma,
denga la amayi silidonthanso.
Kumeneko ndinaphunzira kuwerengera mtengo wa bondo limodzi,
kulemba kalata yopempha zipangizo mosagwada,
kukana mwaulemu.
Koma madzulo manja anga ankakhala oyera kwambiri.
Patatha zaka ziwiri ndinamanga nzeruzo m'chikwama
n'kukwera basi yobwerera ku fumbi langa.

Pali kamtsikana, Sreyleak, kamakula ngati nsungwi.
Chaka chilichonse mwendo watsopano.
Yakaleyo ndinaindandalika pashelefu,
waung'ono kutsogolo, isanu ndi umodzi tsopano.
Wachitatu unathyoka akusewera mpira.
Amayi ake anabwera akupepesa,
ine ndinaseka mpaka kutsokomola:
mwendo wothyokera pa mpira
wafa imfa yabwino.

Si onse amabwera ndi malalanje.
Ena amatukwana, ndipo ndimawamvetsa.
Wina anausiya pakhonde usiku, osabweranso.
Ndimauonabe, ndikuganiza pamene ndinalakwitsa.

Bambo Vuthy maso anachita ng'ala.
Amabwera Lachinayi, kukhala pampando wapakhomo,
kumvetsera kulira kwa tupa.
"Wapitiriza," amatero osayang'ana,
ndipo ndikayeza, ndapitirizadi.
Zaka makumi awiri, ndikadali mwana wa sukulu.

M'mawa uno ndinali kulemba pa chitsa cha msodzi wina
pamene ndinamva kuti m'chipinda mwachita bata.
Tsache laleka kulira.
Piseth, mnyamata wosesa, waima,
pakamwa pali yasa, maso ali pa dzanja langa.
Fumbi likadali mbwee pansi pa tebulo.
Lidikire.
Pensulo yatsala kachidutswa,
koma ikwanira zala zake.